Kodi gadiyani amalembedwa m'buku liti?

Mu Januwale 2024, dzuwa litapendeka, kunyumba kwanga ku Biwi kudatulukira alendo awiri ochokera kwathu ku Dedza. Woyamba adali azakhali anga, omwe adakhala akudwala chiyambire nthawi yokolola. Wachiwiri adali mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, atasenza kathumba ka ufa, beseni lili m'khwapa, kalata yochokera kuchipatala chaching'ono ataimangirira kunsonga ya chitenje. Inu a ku Kawale, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25 sindichita kukuuzani zomwe zidatsatira, poti alendo oterewa adagogodapo kale pakhomo panu. Ana adasamukira pabalaza, ndiwo zidayamba kuchepa m'mbale, ndipo m'mawa mwake tidali pa siteji kudikira minibasi.

Azakhali adagonekedwa masabata 6. Masiku onsewo msuweni wanga ndiye ankachita zonse: kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuwamwetsa phala, kuchapa zofunda, kukataya za m'beseni, kuthamangira anamwino pakati pa usiku. Iye mwini ankagona pasimenti, chitenje chimodzi chomwecho ndiye mphasa, ndiye bulangete. Mayi akunyumba kwanga, omwe amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika, ankatseka benchi 10 koloko kuti akaphike chakudya chokapereka kuchipatala, ndipo makasitomala awo ena adazolowera benchi la mnzawo, mpaka lero sadabwerere.

Mulungu adatichitira chifundo, azakhali adatuluka akuyenda okha. M'kaundula wa chipatala alimo ndithu: dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu, matenda, tsiku lolowa, tsiku lotuluka. Mzere umodzi basi. Nanga msuweni wanga ali m'buku liti? Mbuzi yomwe adagulitsa kuti apeze thiransipoti idalembedwa pati? Chimanga chomwe adakachipeza chitamira m'udzu, poti nthawi yopalira ndi kubandira idamupeza ali mu wodi, adachiwerengera ndani?

Munthu ameneyu kuchipatala timamutcha gadiyani, kumudzi timati wodwazika matenda. Alibe yunifolomu, alibe malipiro, sadapiteko kukosi ina iliyonse, koma mutawachotsa magadiyani onse lero lino, mawodi athu sangafike mawa. Ndalemba izi chifukwa ndikuona kuti anthu ochita kafukufuku wa zaumoyo, amene zolemba zawo ndizo zimatsogolera boma ndi mabungwe pogawa ndalama, sangamuone bwinobwino munthu ameneyu ngati agwiritsa njira imodzi yokha. Pali njira yowerenga, ya fomu ndi manambala. Palinso njira yomvetsera, yokhala pamphasa, kucheza ndi kupenya. Ziwirizi zimafunika kuyendera limodzi, pa anthu omwewo.

Sindikunena ngati munthu wongomva ayi. Sukulu ya ukachenjede itandithera panjira, ganyu woyamba yemwe ndidapeza adali wofunsa mafunso m'midzi. Adatiphunzitsa masiku angapo, n'kutipatsa chikwama, pensulo ndi mulu wa mafomu. Anzathu a masiku ano amanyamula matabuleti, koma timabokosi take ndi tomwe tija. Tsiku lina ndidafika pakhomo pa mayi wina amene mwamuna wake adali atangotuluka kumene m'chipatala. Funso la pa fomu lidali lakuti: mudalipira ndalama zingati kuchipatala? Mayiyo adati, "Aa, sitinalipire kanthu bambo, n'cha boma chija." Ndidalemba 0. Titamaliza, ine nditabweza pensulo m'thumba, iwo akundipatsa mtedza wa panjira, m'pamene nkhani idayamba. Adalipira ngolo yonyamulira wodwalayo. Asanapite kuchipatala adali atasiya kale nkhuku ziwiri kwa sing'anga. Mankhwala ena adauzidwa kuti akagule okha. Mtsikana wawo wa Sitandade 7 adajomba mwezi wathunthu kuti azilera ang'ono ake. Ndidayang'ana fomu yanga, mudalibe kabokosi kolembamo zonsezo. Galimoto idali kundidikira kumsewu ndipo kapitawo ankafuna mafomu ake akwane dzuwa lisanalowe. Ziro uja adabwera ku Lilongwe, adalowa m'kompyuta, mwinanso adakwera ndege. Sadali bodza, koma zoona zambiri ndidazisiya pakhonde paja.

Musandimve molakwa abale anga, sindikunyoza manambala. Popanda kalembera wa 2018 sitikadadziwa kuti tidalipo 17.6 miliyoni, ndi kuti mwa anthu 100 alionse, 84 amakhala kumudzi. Popanda kafukufuku wamkulu wa zaumoyo yemwe ofesi yowerengera anthu ya ku Zomba idayamba mu 1992, n'kubwereza mu 2000, 2004, 2010 ndi zaka zina zotsatira, bwenzi tikungokangana pa bawo ngati imfa za ana zikuchepa kapena ayi. Nduna ya zachuma siingagawe ndalama potengera nkhani ya msuweni wanga yokha. Idzafunsa kuti, otere alipo angati? Ndipo idzakhala ikufunsa zolondola.

Chitsanzo chabwino cha kuphatikiza njira ziwirizi chidachitikira konkuno kwathu. Mu 1998 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi mayi Susan Watkins a pa yunivesite ya Pennsylvania ku America lidayamba kufunsa mabanja a m'midzi ya ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka za kulera ndi Edzi, ndipo ntchitoyo idapitirira kubwerera kwa mabanja omwewo kwa zaka zoposa 20. Sipadatenge nthawi kuti aone malire a fomu. Mu lipoti la mu 2001 lomwe adalemba pamodzi ndi a Eliya Zulu, adayerekeza mayankho a mwamuna ndi a mkazi a m'nyumba imodzi, n'kupeza kuti awiriwa amasiyana ngakhale pa zinthu zooneka ndi maso monga katundu wa pakhomo, ndipo kawirikawiri bambo ndiye amati inde pomwe mayi akuti ayi. Ife eni dziko sitingadabwe. Wina sakufuna kuoneka mmphawi pamaso pa mlendo, winayo akuganiza kuti mwina mlendoyo akulemba maina a olandira thandizo.

Tsono mu 1999 adayesa china. Adapatsa anthu ena a m'midzi momwemo, omwe adafikako kusekondale, makope wamba a kusukulu, n'kuwapempha kuti asafunse munthu funso lililonse, angomvetsera zomwe anthu akukamba za Edzi pa mjigo, pamaliro, pa bawo, pamowa ndi m'minibasi, akafika kunyumba azilemba. Makopewo adachuluka kufika mazanamazana. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankalalikira kuti anthu akumudzi ali chete pa za Edzi, akuikana. Makope adaonetsa zina. Anthu ankaikamba tsiku ndi tsiku, ankafufuza okha kuti uje wafa ndi chiyani, ankalangizana, ena ankathetsa mabanja poopa kutenga matenda. Kenaka mu 2004 ofufuzawo adawonjezera kuyeza anthu ngati ali ndi kachilombo, ndipo zidapezeka kuti ambiri mwa omwe ankadziyesa kuti ali nako adalibe. Onani tsono, kope ndilo lidamva momwe anthu akuopera, fomu idawerenga kuti oopawo ndi angati, ndipo kuyezako kudaonetsa kuti mantha adafala kuposa matenda enieniwo. Palibe njira imodzi mwa zitatuzi yomwe ikadatha kunena zonsezi payokha.

Za odwazika matenda zidatulukanso m'ntchito yomweyi. Mu 2004 mayi Angela Chimwaza, mphunzitsi wa anamwino, pamodzi ndi mayi Watkins, adasindikiza zomwe adapeza ataphatikiza manambala ndi kucheza mozama ndi anthu omwe ankadwazika abale awo kumudzi, nthawi ija ma ARV aulere asanafike. Odwazikawo adali azimayi apachibale chapafupi, ndipo ankalandirako kathandizo kuchokera kwa abale ndi anansi. Chomwe chidaoneka chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa iwo sankautcha udindowu kuti ndi vuto, poti wodwalayo adali wawo.

Apa m'pamene ine ndimaima n'kukanda mutu. Yankho limenelo ndi loona, ndipo likutipatsa ulemu ngati mtundu. Koma likhozanso kusanduka mkeka wogonapo akuluakulu. Bwana wina muofesi akhoza kuliwerenga n'kunena kuti, basi, achibale akukwanitsa, onani okha akuti palibe vuto. Kodi mayi wachichewa, wachiyao kapena wachitumbuka angauze mlendo kuti kudwazika mwana wake n'chipsinjo? Anganene bwanji, mawa anthu akamva? Tsiku lina pakhonde la wodi ndidamufunsa msuweni wanga kuti, "Asuweni, simunatope kodi?" Adandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ndi amayi angatu awa. Ine nditope, ndiye awasambitse ndani?" Pamenepo kucheza kwafika pothera, pakamwa sipanenanso zambiri. Chofunika tsopano ndi sikelo: masiku angati osagwira ntchito, matumba angati omwe sadakololedwe, ngongole ya zingati kubanki m'khonde kapena kwa akatapila, iye mwini waonda bwanji.

Sikelo yotere idayesedwapo mu Lilongwe momwe muno. Mu 2007 ofufuza, kuphatikizapo mayi Bertha Simwaka ndi a Felix Salaniponi omwe ankatsogolera ntchito yolimbana ndi chifuwa chachikulu m'dziko muno, adafunsa funso losavuta kumva: kodi osauka angakwanitse chithandizo chaulere cha TB? Adawerengera ndalama zomwe munthu amataya ndi masiku omwe amajomba kuntchito asanauzidwe n'komwe kuti akudwala TB. Adapeza kuti wodwala ankataya masiku 22 a ntchito, ndipo kwa osauka zonse pamodzi zinkafika 248 pa 100 iliyonse ya zomwe amapeza pamwezi, kunena kwina, thukuta la miyezi iwiri ndi theka. Chaulere chimenecho! Ukamuuza bwana uja nambala imeneyi, mkeka uja amaupinda.

Ndipo poti anthu omwewa ankachezanso ndi odwala, n'kumatsata njira yomwe munthu amayenda kuchokera tsiku loyamba kutsokomola, adaona chomwe inu a magolosale ndi maokala mudachidziwa kalekale, kuti dokotala woyamba wa munthu wosauka ndi inuyo. Munthu amayamba wagula Panado ndi mankhwala a chifuwa kawiri katatu asanaganize za mzere wa kuchipatala. M'malo mokukalipirani, adaphunzitsa eni magolosale ena m'madera osauka a mzinda uno kuti akaona kasitomala wotsokomola nthawi yaitali azimutumiza kukayezetsa makhololo, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2012. Maganizo amenewo sakadachokera pa fomu yofunsa kuti chipatala chili pa makilomita angati.

Chaka chomwecho cha 2012 magazini ya madokotala ya Malawi Medical Journal idatulutsa kafukufuku wa magadiyani a pachipatala cha Kamuzu Central. Ofufuzawo adacheza ndi magadiyani, anamwino ndi oyendetsa chipatala. Adapeza kuti magadiyani ambiri ndi azimayi, achibale apafupi, sukulu sadapite nayo patali, ndipo akugwira ntchito yosamalira odwala popanda wowaphunzitsa. Anamwino amawadalira chifukwa cha kuchepa kwa ogwira ntchito, komabe pamakhala kusamvana pa za malamulo a mu wodi ndi kuthithikana. Ine ndimati ukafunsa mbali imodzi umva kuti magadiyani ndi osamva, ukafunsa inayo umva kuti anamwino ndi ankhanza. Ukafunsa onse, n'kuwerenganso kuti namwino mmodzi akuyang'anira mabedi angati usiku, upeza kuti onsewo ndi anthu otopa omwe atsekeredwa m'khola limodzi lothina. Ku Blantyre nako, Dr Jane Bates ndi anzawo a ku Tiyanjane, pachipatala cha Queen Elizabeth, adachita kupatsa odwala khansa ndi owadwazika makamera kuti ajambule okha za moyo wawo n'kudzafotokoza zithunzizo. Izi zidatuluka mu 2018, kenaka mu 2021 kudabwera gawo la manambala, loonetsa mabanja ambiri akugwa m'dzenje la kukongola ndi kugulitsa katundu khansa ikapezeka itakula kale.

Koma pali kabokosi kena pa fomu komwe kamandisowetsa mtendere kuposa tonse: kumudzi kapena m'tauni, chongani chimodzi. Azakhali anga achongedwe pati? Matenda adayambira ku Dedza. Ndalama ina idabwera pa foni kuchokera kwa mwana wawo wamwamuna yemwe ali ku Johannesburg. Phala lidaphikidwa ku Biwi pa mbaula yanga, makala ogula ndi ndalama ya lendi. Tomato adaolera pamsika. Wofufuza yemwe apita kumudzi kokha aona munda wosapalira koma saona benchi lotsekedwa. Yemwe aima pachipatala pokha aona bedi ndi munthu wogona pansi pake, koma sadziwa kuti mbale yomwe ili m'manja mwake yachokera kuti. Tizipinda tathu ta lendi m'malokeshoni muno ndi mawodi osalembedwa. M'menemo ndimo odwala akumudzi amadikirira tsiku loonana ndi dokotala, ndimo amachirira akatulutsidwa, ena ndimo amatsirizikira, ife n'kuyamba kusonkha ya bokosi ndi galimoto. Ndiye tikamamva kuti kafukufuku wa odwala akumudzi, tisaganize kuti ndi nkhani ya anthu ena akutali. Kuti udziwe mtengo weniweni wa matenda amodzi uyenera kulitsata banjalo, kukwera nalo minibasi, kulowa nalo m'nyumba zonse zitatu zomwe zakhudzidwa, kenaka n'kuwerenga mabanja ambiri kuti uone ngati nkhani yake ili ya onse kapena ya ilo lokha.

Ena anena kuti njira ziwiri n'zodula ndiponso zochedwetsa. N'zoona. Kucheza ndi munthu mmodzi maola awiri, kulemba mawu ake onse, kuwamasulira, zimadya nthawi yomwe ukadadzaza mulu wa mafomu. Ndiponso nkhani nazo zimanama. Wodziwa kulankhula mmodzi amaphimba amanyazi khumi, ndipo wolemba kope yemwe akulandira kenakake akhoza kuthira mchere kuti nkhani ikome. Pa izi ife olemba m'nyuzipepala tisaloze wina chala. N'chifukwa chake nkhani iyenera kuyesedwa ndi nambala, nambala nayo n'kufunsidwa ndi nkhani. Ndipo kuphatikiza sindikutanthauza kumata mawu awiri a mayi wolira kumapeto kwa lipoti lodzaza matebulo, ngati duwa la pa thebulo la ukwati. Ndikutanthauza kuti ucheze kaye ndi anthu usanalembe mafunso, kuti funso lisakhale lakuti mudalipira zingati kuchipatala, koma lakuti mudagulitsa chiyani, mudakongola kwa yani, adasiya ntchito ndani, adajomba kusukulu ndani. Ukawerenga, ubwererenso komweko kukafunsa pomwe manambala akukudabwitsa.

Mawu akuti kubwereraku ndiwo amavuta. Katswiri wina wa ku America, a Biruk, adayenda ndi magulu ofunsa mafunso m'midzi ya kuno n'kulemba buku lotchedwa Cooking Data, lomwe lidatuluka mu 2018. M'menemo muli nkhani ya sopo yemwe oyankha mafunso ankapatsidwa ngati zikomo, ndi kudandaula kwa anthu akumudzi kuti ofufuza amangobwera, kufunsa, n'kumapita. Poliwerenga ndidakumbukira mayi wa mtedza uja, amene sadamvenso kuti ziro wake adathera kuti. Mudzi womwe wafunsidwa kasanu osamvapo zotsatira m'chilankhulo chawo umayamba kuyankha zongokuchotsa pakhomo, ndipo pa nthaka yotere m'pamene pamamera mphekesera za anamapopa. Kodi n'chovuta chiyani kuitanitsa msonkhano pabwalo la mfumu, kapena pa sukulu ya ku Kawale, n'kunena kuti, abale, zomwe mudatiuza zija tapeza izi, kodi tamva bwino? Msonkhano umenewo pawokha ndi kafukufuku, chifukwa pomwepo wina adzaimirira n'kukuuza pomwe walakwitsa.

Inu ophunzira a ku Kamuzu University of Health Sciences, a ku Bunda, a ku Zomba ndi makoleji ena, amene chaka chomaliza mumazunguzika kusaka mutu wa kafukufuku, simufunika tikiti ya ndege. Tengani chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku, mukwere minibasi ya ku Chinsapo kapena Area 25. Werengani kuti pa mzere umodzi wa nyumba ndi zingati zomwe zasunga wodwala wochokera kumudzi miyezi 12 yapitayi, masiku angati, ndalama zingati, ndipo adasiya geni ndani. Mukatero sankhani nyumba zingapo, mupemphe kwa mwini nkhani, dzina lake mulibise, mukhale pansi pensulo ili m'thumba. Ine zimenezi ndidaziphunzira mochedwa, sukulu nditaisiya kale. Inunso a geni, akakupezani pa benchi anyamata a matabuleti, muli ndi ufulu wokana, koma mukavomera musangoti zonse zili bwino pofuna kuwachotsa. Nenani za tomato woola uja, ndipo muwafunse kuti zotsatira mudzazimva liti, kuti, ndiponso m'chilankhulo chanji.

Msuweni wanga adakolola matumba 3 chaka chimenecho. Mukukumbukira kuti mvula idadula m'madera ambiri, mpaka mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Ndiye omwe adabwera kudzalemba za njala m'mudzimo, atafika pakhomo pake, adachonga kabokosi ka chilala n'kupitirira. Oyandikana naye munda, omwe adapalira ndi kuthira feteleza pa nthawi yake, adapeza matumba 7. Mbuzi ija sadaibwezeretsebe m'khola.